Abiti Siliva ndi Mabuleki a Alamu

Likangala, Zomba
Lachiwiri, 14 Okutobala

Achemwali a Perpetua,

Mwati galimoto yandigonjetsa? Mwati ndibwerere ku kabaza? Ayi ndithu, bwerani mudzaone nokha. Abiti Siliva, galimoto yanga ija, adzuka. Ali panja apa akunyezimira, injini ikuimba ngati amvano a kwathu pa Pasaka. Dzulo lokha ndakwera nawo phiri kawiri, kutsika kawiri, osatsokomola olo kamodzi. Munanenanso mu uthenga wanu uja kuti munthu wothawa sukulu ali Sitandade 7 sangadzaze tsamba limodzi. Werengani masambawa mundiuze. Bolopeni ndi yobwereka, koma mutu ndi wanga.

Pepani, ndayamba ndi hutala ngati minibasi. Muli bwanji kumeneko? Amayi ali bwanji, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Nanga ana, Chiso ndi Yvonne? Ine kuno ndili bwino. Pachipumi panapola, pangotsala kachipsera komwe atsikana a kukoleji ya ku Chirunga akuti kakundikhala.

Kalatayi ndapatsira a Daudi, aja amabwera kuno kudzapikula matemba a ku Kachulu. Mufunsa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa katatu. Mukangoti halo, pakamwa panga pamayamba pokha nthabwala, mpaka mayunitsi kutha ndisananene chomwe ndaimbira. Mwina papepala ndifika kumapeto.

Uthenga wanu ndinaumva wonse. Kuti alamu a Dunstan atha masabata atatu akugona kwa mnzawo kumalaini, nyumba za antchito a ku esiteti. Kuti amayi anawatulutsira chikwama pakhonde, amvekere mkamwini wofuna kundiphera mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo asamwenso madzi pakhomo pano. Kuti m'mudzi akuti alamu anadya za wogulitsa galimoto kuti atsinzine. Kuti ankhoswe akumana Loweruka, ndipo inu simukudziwa koima. Munati ngati ndili mwamuna ndibwere ndidzabwereze pamaso pa ankhoswe zomwe ndinanena pa foni za mabuleki aja. Ndibwera. Koma muyambe mwamva nkhaniyi kuchokera kumutu, chifukwa yomwe ikuyenda ku Muloza ndi mchira wokha.

Mukudziwa kuti ndapsa ndi dzuwa zaka zinayi pa njinga yamoto. Nditaigulitsa, ndinaona galimoto pa Fesibuku. Yasiliva, yowala ngati mbale ya alendo. Mwini wake ankadzitcha Marvin, wa ku Limbe. Analemba kuti inkayenda ndi mzimayi, kunyumba ndi kutchalitchi basi. Zithunzi zinali zisanu ndi chimodzi, zonse zojambula mbali imodzi, ine osadabwa. Ndinkaiyang'ana pa foni ngati mmene inu munkayang'anira chithunzi cha alamu masiku akukufunsirani, chija munkabisa m'buku la nyimbo. Musakane, ndinkachiona.

Ndinapempha alamu kuti akandionere, poti munthu woyendetsa thirakitala zaka khumi ndi ziwiri injini amaidziwa. Anapempha tsiku kuntchito, anapita. Masana anandiimbira. Anati ladiyeta ikudontha, geji ya mafuta inafera pa hafu, chitseko chakumbuyo chimatseguka ndi kunja kokha, ndipo mbali yomwe sinajambulidwe ija inawongoledwa ndi hamala. Anati Maziko, isiye iyi, dikira ina, magalimoto sakutha.

Izi ku Muloza simunazimve, eti? Simunazimve chifukwa sindinakuuzeni.

Ine ndinawayankha kuti alamu, inu munazolowera thirakitala, chilichonse chopanda khasu kumbuyo mumachiona ngati chodwala. Kenako ndinawauza kuti theka la ndalama ndinatumiza kale dzulo lake, kuopa kuti wina angandilande. Anangopuma mwamphamvu pa foni, nkuti chabwino, ndibwera nayo ndekha, usatume munthu wina.

Tinagwirizana Lachisanu, iwo anafika Loweruka masana. Manja ali bii, shati yonse mafuta okhaokha. Ine pamaso pa anzanga a kabaza ndinawafunsa ngati abwera pa liwiro la thirakitala, kapena anaima panjira kulima munda wa munthu. Anzanga anaseka. Alamu anangoti ndimaona tina ndi tina. Anandiuza zinthu zitatu: madzi uziona m'mawa uliwonse, geji usaikhulupirire, ndipo kuphiri uzitsika ndi giya yaing'ono. Ine makutu anali kwina, ndinali pa boneti kudzijambula. Anakwera minibasi yobwerera ndisanawagulire olo chakumwa. Izinso sindinakuuzeni.

Sabata yoyamba Abiti Siliva anawira pa Chinamwali, anthu anayi ali m'kati. Utsi kuti tolo, wina kuthawira pawindo poti chitseko chija sichitseguka. Ndinati mzimayi uja tchalitchi chake chiyenera kuti chinali ku Mozambiki, ndipo ankapita tsiku lililonse. Ndinaimbira Marvin. Foni yake inali itamwalira, tsamba lake pa Fesibuku litaikidwa kale m'manda.

Anzanga anandilozera kwa Che Sefu ku Songani. Ndi bambo wachikulire, galaja yake ndi mtengo wa mango ndi kontena yakale. Sayankhula zambiri, ndipo nthawi ya swala ikakwana amasiya sipanala pomwe ili, olo bawuti itatsala kamodzi kuti imange. Atatsegula ladiyeta ananunkhiza, nkundifunsa ngati galimotoyi ndimaipatsa kadzutsa. Akuti munali mazira ndi fodya wonunkhiza, zomwe akamberembere amathira kuti zitseke pobooka mpaka wogula afike kwawo. Anaika ladiyeta ina yakale koma yabwino, anasintha gasiketi, anakonza chitseko. Za geji anati tikonzeretu. Ine ndinati geji ndi ya anthu olemera, ine mafuta ndimawamva ndi mtima.

Mpaka apa nkhaniyi ndimaikamba pa siteji anthu nkumagwa ndi phwete. Kuyambira apa sindinaikambepo bwino kwa munthu aliyense.

Tsiku la ngozi lija kuno kunalibe mafuta. Mizere inali itafika kumsika, ena atagona masiku awiri pa filing'i. Ana asukulu anayi a ku Chirunga anandipeza kuti ndikawasiye kudamu, kuphiri, akajambulitse. Ndinagula timalita tochepa kwa anyamata a zigubu, ndinakwera nawo, ndinawasiya. Pobwerera ndinatenga mayi wina, Mayi Mwanamvua, amene amagulitsa masitirobere. Anakhala kutsogolo, dengu pamiyendo, akupita nalo kumsika.

Msewu wa kuphiri simuudziwa, achemwali. Ndi wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa, mbali ino khoma, mbali inayo phompho loti munthu ukagwa umafika pansi utakalamba. Pa kona yoyamba ndinaponda buleki, inagwira. Yachiwiri, inagwira monyinyirika. Yachitatu ndinaponda mwala. Ndinaimirira pa buleki ndi miyendo yonse, ayi ndithu. Chiwongolero nacho chinauma ngati chamangidwa ndi waya. Mayi Mwanamvua anayamba kuitana Mulungu m'Chiyao, ine m'Chichewa, kuti amene amve msanga atithandize. Ndinakoka chiwongolero ndi mphamvu zonse kuthawa phompho, tinalowa m'ngalande, nkukagunda chitsa cha paini.

Nditatsegula maso, galasi lonse linali lofiira. Shati yanga yofiira, nkhope ya mayi aja yofiira. Azimayi otsika ndi nkhuni anaponya mitolo pansi nkuyamba kulira maliro. Inenso ndinadziwa kuti ndapita, mpaka magaziwo atalowa m'kamwa ndinamva kuti akutsekemera. Anali masitirobere. Apa anthu amaseka kwambiri. Chomwe sindinena ndi choti dzanja la Mayi Mwanamvua linathyoka pamfundo, ali ndi pulasitala mpaka lero, ndipo ali ndi ana anayi omwe amadya kuchokera m'dengu lija.

Anthu atandizungulira ndinakuwa kuti mabuleki, mabuleki akana. Madzulo ake ndinakuimbirani, ndinanena chimodzimodzi. Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine.

Galimoto inakokedwa kupita kwa Che Sefu. Inakhala masabata awiri ndi theka kudikira bampala, nyali ndi kachitsulo kena ka kutayala komwe anachita kuitanitsa ku Limbe. Lachinayi lapitali ndinapita kukaitenga. Ndinawauza kuti zonse mwakonzazi ndi zokongoletsa, nanga mabuleki opha anthu aja? Anandiyang'ana, nkugwetsa matayala onse ine ndikuona. Anati taona wekha. Mapadi a mabuleki atsopano, mafuta ake odzaza, mapaipi ouma, palibe podontha. Anati amene anamanga mabuleki awa anapaka girizi ngakhale pa timapini tomwe amakanika ambiri amadumpha, ndi dzanja la munthu woopa Mulungu.

Ine ndinati ndiye kuti ndi za anthu, alipo akundichitira nsanje pa siteji. Che Sefu sanaseke. Anati Mayi Mwanamvua amapemphera mzikiti umodzi ndi akazi awo. Akazi awo atapita kukawazonda, mayi aja anayamikira kwambiri galimoto ya mnyamata uja. Amvekere ngoziyo ndi ngozi, koma galimoto yake ndi yapamwamba, potsika siilira nkomwe, imangoti sii ngati njinga yakapalasa, mpaka mbalame za m'nkhalango umazimva.

Achemwali, ndinayang'ana pansi kufuna dzenje.

Anandiuza kuti ndilowe, ndikhale pa chiwongolero, injini osaliza. Ati ponda buleki. Ndinaponda, inalowa. Ati pondanso. Inalowa pang'ono. Kachitatu, mwala. Mwala womwe uja wa kuphiri, mwendo wanga unauzindikira. Ati tsopano usachotse phazi, liza injini. Nditangoliza, buleki inafewa pansi pa phazi langa ngati nthochi yakupsa.

Ndiye nayi nkhani yake. Pa kabaza tonse timatero: ukafika pamtsetse umazimitsa injini, njinga imatsika yokha, mafuta osapsa. Ndatsika phiri limeneli choncho kosawerengeka, ndipo ndinkaseka anzanga otsika injini ikulira kuti ndi ana a mabwana. Tsiku lija, timalita tanga tochepa, geji yakufa, ndinachotsa giya pamwamba penipeni nkuzimitsa. Ndinkadziona wochenjera. Che Sefu anati galimoto si njinga. Buleki ya njinga ndi dzanja lako, koma ya galimoto imabwereka mphamvu ku injini, chiwongolero chimodzimodzi. Ukazimitsa injini, wazimitsa zonse. Anati laisensi yako unaitenga bwanji sindikufunsa, koma phiri silidya chiphuphu.

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo. Che Sefu anatsegula kumbuyo, anachotsa tayala la sipeya, natulutsa kamtolo komwe anakapeza powongola. Anati aka ndi kako? Nsalu yake ndinaizindikira ndisanaigwire. Chitenje chanu chobiriwira chija cha nkhanga, chomwe munapsereza ndi ayironi yamakala pa ukwati wa msuweni wathu Tione, alamu nkuchitenga kuti azipukutira manja. M'kati munali mapadi akale a galimoto imeneyi. Otheratu, achemwali, mpaka chitsulo, opyapyala ngati lezala.

Ndiye Lachisanu lija sanafike, ine nkudzawaseka kuti achedwa, alamu anali pansi pa galimoto yanga ku Limbe. Anaona kuti mabuleki atha, anadziwa kuti mwana wamakaniyu akukayenda nayo kuphiri, anagula atsopano, anamanga okha. Sindikudziwa kuti anagona kuti, sindikudziwa kuti anadya chiyani. Ati ndimaona tina ndi tina. Ine nkumawafunsa za thirakitala.

Munandiuza kuti amayi atawatulutsira chikwama, alamu sanayankhe olo liwu limodzi, anangochinyamula, ndipo anthu akuti kukhala chete kumeneko ndiye umboni woti akudziwapo kanthu. Inunso munati zimenezo ndi zomwe zikukusowetsani tulo. Ine tsopano ndamvetsa. Munthu anamanga mabuleki ndi manja ake, kenako akumva kuti mabuleki omwewo akana paphiri, mlamu wake watsala pang'ono kufa. Akanati chiyani? Alamu akuganiza kuti analakwitsa pomanga. Masabata atatu akugona pamkeka wa eni ake, akudziwerengera mlandu womwe si wawo.

Che Sefu nditawafotokozera zimenezi anasiya tiyi wawo. Anati galimoto ndakonza, yatha, tenga kiyi. Koma iyi yatsalayi ilibe sipeya ku Limbe, ndipo ukachedwa nayo siidzalira. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kenako anakonza geji ija osandifunsa.

Lachisanu ndinapita kwa Mayi Mwanamvua, ndinawauza zoona. Anandifunsa ngati mayi anga ali moyo. Ndinati eya. Ati ndiye akulere kachiwiri, koyamba sikunakwane. Panopa m'mawa uliwonse ndimakwera kukatenga dengu lawo, kulitsitsira kumsika, mpaka pulasitala idzachoke. Amakhala kutsogolo, khutu lili ku injini. Ikangotsika mawu pang'ono amandimenya paphewa ndi dzanja labwinolo. Msika wonse ukunditcha dalaivala wa mbalame. Ndikuvomera, dzinalo ndinaligula ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Loweruka. Kalatayi ikangofika, mumange chitenje, mupite nayo ku esiteti, mukawapatse alamu m'manja. Ngati safuna kugwira pepala lochokera kwa ine, muwawerengere inuyo, osadumpha pomwe pali ponyansa. Asagonenso tsiku lina akuganiza kuti manja awo ndi omwe anandiponya m'ngalande. Muwauze kuti makanika wa ku Songani, munthu woti sanawaonepo, wati dzanja lawo ndi la munthu woopa Mulungu.

Za amayi ndi ankhoswe musavutike nazo, ndi katundu wanga. Ndifika Loweruka m'mawa ndi Abiti Siliva, injini ikulira njira yonse. Kamtolo kaja ndibwera nako, ndidzakamasula pamkeka pamaso pa onse. Ndikudziwa kuti amayi adzafuna kunditeteza, adzati mwana sanadziwe. Musadzawalole. Kuyambira kale ine ndikaswa mbale, wokwapulidwa munkakhala inu chifukwa chosandiyang'anira. Pano ndaswa nyumba yanu, ndipo wokwapulidwa ndi alamu. Zakwana.

Ngati alamu angalole, ndidzayambira ku esiteti kukawatenga. Adzayendetse okha mpaka pakhomo, ine ndidzakhala kumbuyo ndi chikwama chawo pamiyendo. Akakana kukwera, ndidzawamvetsa. Ndidzanyamula chikwamacho wapansi.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za kalatayi musawauze kaye, mtima wawo mumaudziwa. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa Tione ndi amuna ake. Chiso mumuuze kuti asathawe sukulu, aone amalume ake. Yvonne ndimubweretsera masitirobere, osaphwanyika. Kwa alamu sindikupereka moni, ndilibe nkhope yake. Ndidzapereka ndekha akadzandilola.

Ndine mlongo wanu wopanda makutu,
Maziko

Ndinatsala pang'ono kumata envelopu ichi ndisanalembe. Ndawerenga zomwe ndalembazi, ndaona kuti ndadzikonzera bwino, ngati kuti zonse ndinazidziwira kwa Che Sefu. Si zoona. Zoti buleki imadalira injini, eya, sindinkadziwa. Koma m'ngalande muja, anthu asanafike, Mayi Mwanamvua akubuula pambali panga, dzanja langa silinapite kwa iwo. Linapita pa kiyi. Ndinaipotokola kuibwezera pomwe imakhala galimoto ikamayenda, kuti wosuzumira asaone kuti inali yozimitsa. Mtima unali utandiuza kale.

Ndipo madzulo aja, mutapereka foni kwa amayi, anandifunsa kuti kodi alamu ako mabulekiwo sanawaone? Achemwali, ndikanangoti anandiletsa kugula. Mawu awiri okha. Ine ndinati kaya, afunseni eni ake, nkuseka.

Kugula galimoto pa chithunzi ndi uchitsiru, kuzimitsa injini ndi umbuli. Koma kuseka kuja ndinkadziwa chomwe ndikuchita. Apanso muwawerengere.